U20C ikuzima yokha tikabweza pa idle, batani la oyilo likungotuluka

Fitala wa ku mgodi:
Akuluakulu thandizeni msanga, mutu wa sitima waima. Tili ndi U20C imodzi yokha yoyenda pano, ija inali mtundu wa 33-400 ku South Africa, injini 7FDL-12, governor (chipangizo cholamulira liwiro la injini, chomwenso chimaizimitsa presha ya oyilo ikagwa) ya Woodward. Ntchito yake ndi kukoka mabogi a miyala kuchoka pa siding yathu kukasiya ku njanji yaikulu, pakati pali chitunda chachitali. Pa notch 8 (mphamvu zonse) ikukwera bwinobwino osatsokomola. Koma tikafika pamwamba dalaivala n'kubweza pa idle, geji ya oyilo ikugwa, belu kulira, batani la pa governor kutuluka, zii. M'mawa sikuchita, imayamba masana. Mafyuluta ndasintha sabata yatha, strainer ndatsuka, palibe chasintha. Lero yazima katatu. Abwana akuti ndingomanga batanilo ndi waya mpaka Loweruka poti oda ya kasitomala yatsalira. Ndiyambire pati?

Wamagetsi:
Achimwene, waya ayi. Chonde ayi. Batani limenelo ndi lokhalo likuteteza crankshaft yanu. Komanso mwaonetsetsa kuti likutuluka ndi la oyilo osati la madzi? Madalaivala ambiri amangoti "batani latuluka" osayang'ana kuti ndi liti.

Fitala wa ku mgodi:
La oyilo, ndinali pomwepo ndaona ndi maso anga.

Madala a pa shedi:
Ndi oil cooler (choziziritsira oyilo) imeneyo mwana wanga. Masana okhaokha, itatha kukwera chitunda, ndiye kuti oyilo akutentha n'kusanduka madzi. Pa notch 8 pampu ikuthamanga ndiye presha ikuoneka ngati ilipo, pa idle chilungamo chikuonekera. Masulani cooler, mupeza matope ndi laimu. Mumathira madzi anji mu radiator? Ngati ndi a pamjigo opanda mankhwala, musafunsenso wina.

Dalaivala wa usiku:
Zimenezi zikundikumbutsa mutu wina womwe ndinkayendetsa zaka zapitazo, nawonso unkazima chonchi. Anyamata a shifiti ya masana anapanikiza batani ndi kamtengo, osandiuza. Ndikubwera usiku ndi mabogi odzaza, ndinangomva phokoso ngati munthu akuswa miyala ndi nyundo kumbuyo kwanga. Con rod (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft) inaboola buloko n'kutulukira kunja, oyilo wotentha mbwee mu engine room monse. Tinagona kuthengo mpaka kunacha, wothandizira wanga akunjenjemera usiku onse. Mutu umene uja sunayendenso, anaugwetsa m'zitsulo. Ndiye abwana anuwo auzeni kuti akafuna waya alembe pa pepala asayine.

Mayi wa ku labu:
Funso limodzi bambo. Dipstick ikuti bwanji? Mukuthira oyilo wochuluka bwanji pa sabata poyerekeza ndi kale?

Fitala wa ku mgodi:
Mayi, apo pokha ndiye pali bwino. Kale tinkathira pafupipafupi, koma mwezi uno sitinathireko, ili pa full mpaka kupitirira pang'ono. Abwana mpaka anayamikira kuti yasiya kumwa oyilo.

Mayi wa ku labu:
Apo ndiye pakundiopsa ine. Mitu ya 33-400 inapangidwa pakati pa 1968 ndi 1970. Injini ya zaka zimenezo, yogwira ntchito tsiku ndi tsiku, singangosiya yokha kumwa oyilo. Ngati levulo sikutsika, pali chinthu chikulowa mu sump (mosungira oyilo pansi pa injini), ndipo ngati oyilo sanachite mkaka ndiye kuti ndi dizilo. Dizilo amasungunula oyilo, akatentha amapyapyala kwambiri, presha pa idle n'kugwa. Zofanana ndendende ndi zomwe mwafotokoza. Solani dipstick mununkhize. Kenako donthezani dontho limodzi la oyiloyo pa pepala lomwa madzi, lina la oyilo watsopano pambali pake, mudikire. La dizilo limamwazika msanga n'kusiya mkombero wotuwa kunja. Koma pepala ndi longokupatsani chithunzi, sampulo ipite ku labu akayeze viscosity (kukhuthala kwa oyilo) ndi flash point (kutentha komwe nthunzi yake imayamba kugwira moto). Tengani injini ili yotentha, m'botolo loyera, osati la zakumwa lotsukidwa ndi madzi monga amatitumizira ena.

Madala a pa shedi:
Dizilo wake uti? Ndagwira mitu imeneyi anthu inu musanabadwe. Ndi cooler. Gwirani paipi yolowa ndi yotuluka muone ngati pali kusiyana.

Wamagetsi:
Madala, zonse ziwiri zikhoza kukhalapo nthawi imodzi, palibe akukutsutsani. Koma cooler yotsekeka siwonjezera oyilo mu sump.

Madala a pa shedi:
Dipstick imanama sitima ikaima potsetsereka. Siding ya kumgodi ndi yowongoka kuyambira liti?

Fitala wa ku Ndola:
Ngati ndi dizilo, pa injini ya FDL ngati yanuyi silinda iliyonse ili ndi pampu yakeyake ya dizilo, ndiye muli ndi malo 12 oti muyang'ane. Ine ndimayamba ndi injini yozima, kuyatsa fuel pump yokha, n'kumayenda ndi tochi mbali zonse ziwiri kuona pomwe pakunyowa. Kenako ili pa idle, thermometer ya infrared pa exhaust ya silinda iliyonse. Yozizira kuposa zinzake ndiye wakuba wanu, nozzle ikungodontheza osapopera, dizilo n'kumatsuka liner (khoma la silinda) kutsikira pansi. Utsi ukutuluka wotani mukangoyatsa? Ndipo pa siding zoterezi mitu imakhala pa idle theka la tsiku kudikira kupakira, zimenezonso zimawonjezera vutoli.

Chenjezo lalikulu: oyilo wosakanikirana ndi dizilo sachedwa kuyaka. Ikazima yotentha musathamangire kutsegula zitseko za crankcase. Mpweya ukangolowa pamene pali bearing yotentha, chimaphulika kumaso kwanu. Dikirani maola awiri izizire. Ndinaona mnzathu atapsa manja ndi nkhope chifukwa foromani ankamufulumizitsa, mpaka lero zala zake ziwiri sizipinda.

Dalaivala wa usiku:
Komanso musamangobwezera batani n'kuyatsanso katatu kanayi ngati mwachitira leromu. Ulendo uliwonse ma bearing akudyeka.

Mayi wa ku labu:
Fyuluta yakale munataya? Ngati ilipo idulani, tambasulani pepala lake padzuwa. Mukaona tizitsulo tonyezimira ngati mkuwa, isayendenso ngakhale mita imodzi, nkhani yafika ku ma bearing. Ndipo mukapeza podontha, oyilo yense atuluke. Kungothira watsopano pamwamba sikuchotsa dizilo.

Madala a pa shedi:
Mutaya madiramu a oyilo pachabe, pamapeto mubwerera ku cooler komweko. Ife pa mitu ya MX615 ija inachokera ku Montreal, ya injini ya ALCO 251, nyengo ya Okutobala tikakwera kuchokera kuchigwa kupita ku Limbe, chinthu choyamba kuyang'ana chinali madzi ndi radiator. Tinkapopera ma core ndi mpweya kuchotsa fumbi ndi masamba, osati kununkhiza ma dipstick.

Fitala wa ku Ndola:
251 inali injini yolimba madala, apo sindikana. ALCO inatseka fakitale yake ya ku Schenectady mu 1969 koma injini zake zikugwirabe ntchito, ku India anapanga zambirimbiri ku Varanasi. Ku America komweko timakampani ta njanji zazifupi tikukokabe katundu ndi mitu ya GP9 ya m'ma 1950 yomwe makampani akuluakulu anaisiya kalekale. Kusiyana kwake n'koti anzathuwo amagula mitu itatu, umodzi n'kuusunga wochotsako zipangizo. Ife timagula umodzi, wopanda mabuku, wopanda mbiri ya ma overhaul, n'kumayembekezera kuti uzigwira ngati watsopano.

Wamagetsi:
Zoona zimenezo. Wathu kuno unabwera mawaya a mu control cabinet atasinthidwa ndi anthu osiyanasiyana, drawing ikunena zina, waya akupita kwina. Ndinatha milungu iwiri ndi mita kungolemba manambala. Mvula ikayamba ndiye ground relay (chodula mphamvu magetsi akathawira ku chitsulo) tsiku lililonse, ma traction motor (mamota oyendetsa mawilo) akumwa madzi podutsa m'zithaphwi. Alipo ali ndi drawing ya U20C yomwe sinasinthidwe? Ngakhale yojambula pa foni.

Fitala wa ku mgodi:
Ndanunkhiza dipstick, fungo la dizilo lilipo koma manja anganso ndi a dizilo, sindikudziwa. Fyuluta anyamata anaitaya ku dzala, ndawatuma akaifune. Abwana ndawakanira za waya, akwiya koma mutu waima. Mawa m'mawa ndiyesa za pepala ndi thermometer.

Madala a pa shedi:
Mukatenga thermometer imeneyo muyambire pa mapaipi a cooler.

Dalaivala wa usiku:
Drawing ndinali nayo ya pepala koma inanyowa. Ndifunsa mnzanga wa ku Beira ngati yake ilipo. Inu a ku Ndola, ma nozzle mukuwapeza kuti masiku ano, atsopano kapena okonzedwanso?