Za liwu lija lakuti credibility

Sabata yatha ndinafunsa tanthauzo la liwu lachingerezi lakuti credibility, lomwe ndinalimva pa wailesi akukamba za mboni kukhoti. Zikomo nonse amene munandiyankha. Tsopano ndamvetsa kuti limanena za kudalirika kwa munthu kapena nkhani, mwakuti anthu angathe kukhulupirira zimene akumva. Gwero lake ndi liwu la Chilatini lakuti credere, kutanthauza kukhulupirira.

Pomwe ndinkaphonya kwambiri ndi katchulidwe. Ndinkatsindika pa "kre", chonsecho mphamvu imagwera pa "bi": kre-di-BI-li-ti. Pa credible ndiye imagwera koyambirira.

Wina anandichenjeza kuti ndisalisokoneze ndi credulity, komwe ndi kukhulupirira zilizonse mosaganizira. Ndinali nditalakwitsa kale chimodzimodzi m'lipoti la kuntchito, ndipo ndakonza dzulo.