Chromebook ya amayi, tigule kapena tisiye?

Abale a pagulu pano ndithandizeni nzeru. Amayi anga ndi aphunzitsi opuma, pano ndi alembi a banki mkhonde kwathu ku Dedza ndipo akufuna kompyuta yosungiramo maina ndi ngongole mmalo mwa makope. Sanaigwirepo chibadwire. Achimwene ali ku Joni akuti awagulire Chromebook, laputopu yoyendera mapulogalamu a Google, poti ndi yotchipa komanso siivuta, ukayatsa wafika kale pa Chrome, pulogalamu yotsegulira intaneti. Ine mtima sukukhazikika. Imafuna akaunti ya Google, mafayilo amakakhala pa intaneti ku Google Drive komwe yaulere ndi 15GB ikadzaza uzilipira, nanga bandulo ikatha pakati pa mwezi? Chikundidetsa nkhawa kwambiri nchakuti adzazolowera za kampani imodzi, mawa apatsidwe kompyuta ina asadziwe ngakhale komwe fayilo yawo ili, ife tizingoimbiridwa foni.

Bambo a Tadala: Amayi akufuna kulemba ngongole osati digiri ya IT achimwene. Google Sheets, yomwe ili ngati Excel, imagwira popanda intaneti bola muyatse offline netiweki ikadalipo. 15GB ya maina a anthu a mmudzi idzadzaza liti?

Nachisale: Musanatumize ndalama funsani modelo yake. Chromebook iliyonse ili ndi tsiku lomwe ma update amasiya kubwera, Google idalengeza mu 2023 kuti zotuluka kuyambira 2021 zizilandira kwa zaka 10 koma zakaunjika zambiri ndi zakale kuposa pamenepo. China, zina zimachokera kumasukulu akunja zikadali zokhoma ndi sukuluyo, ngakhale mufufute zonse imafunabe imelo ya komweko. Imeneyo musayerekeze.

Che Jafali: Ndiye mukasiya Chromebook nkugula ya Windows ndi ufulu? Windows 10 a Microsoft adasiya kuithandiza pa 14 October 2025, makompyuta abwinobwino ambiri sakulola Windows 11. Konseko nkumangika, kusiyana kwake ndi kutalika kwa chingwe. Ine ndikanagula laputopu yakale nkuikamo Linux Mint mmalo mwa Windows ndi LibreOffice mmalo mwa Word ndi Excel.

Nachisale: Ikavuta ku Dedza akonze ndani, inuyo?

Mwini funso: Kkkk apo mwandigwira. Ndiye tikatenga Chromebook yo ndipange bwanji kuti asamangike?

Bambo a Tadala: Mwezi ukatha azidawuniloda fayiloyo ngati Excel nkuika pa flash, ndi manja awo osati anu. Pasiwedi ndi nambala yobwezera akaunti zikhale zawo, zisakhale za achimwene ku Joni. Kope lija asalitaye, mamembala adzafunabe kuona siginecha.