Ku Likhubula ndi ana komanso apongozi: tikafike pati?

Mayi a Tadala, Ndirande

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa ku Mulanje. Bambo a kunyumba akubwera kuchokera ku Joni kumapeto a July, akhala masabata atatu okha. Chaka chilichonse akabwera timangozungulira kwa abale, nsima uku, nsima uko, tchuthi n'kutha. Ulendo uno ndawauza kuti ayi, tituluke ndi ana. Ndasankha ku Likhubula chifukwa mayi anga anabadwira kufupi ndi Chitakale. Phiri la Mulanje ndinkaliona ndili kamwana tikapita kwa agogo, koma sindinapondemo phazi.

Tilipo asanu: ine, bambowo, mnyamata wa zaka 14, mtsikana wa zaka 9, ndi apongozi anga amene akana kwamtuwagalu kutsala. Ali ndi zaka 66, koma pa khasu amandisiya kutali. Mnyamatayo anamva za nsonga ya Sapitwa kusukulu, ndiye pakhomo pano ndi Sapitwa m'mawa, Sapitwa madzulo. Bambo ake akumuikira kumbuyo pa WhatsApp, chonsecho iwowo ndi oyendetsa thiraki, akangokwera kamtunda ka pa msika amapumira m'mwamba.

Tili ndi masiku awiri, galimoto tilibe. Tiyende bwanji? Tikafike pati? Kodi gaidi ndi wofunikadi, kapena ndi njira yongotidyera ndalama? Nanga za mizimu zija? Apongozi ayamba kale kundiopseza nazo.

Kalongonda77

Achemwali, mwafunsa pakhomo. Ine ndanyamula zikwama za alendo m'phiri limenelo zaka 11 mpaka bondo lakumanzere linandikana. Pano ndili ndi kaokala pa Chitakale. Choncho zimene ndikuuzeni sizochokera m'buku.

Choyamba, Sapitwa muiwale. Muuzeni mnyamatayo kuti ankolo a pa Chitakale akana. Nsonga imeneyo ndi mamita 3,002, palibe malo ena okwera kuposa pamenepo m'Malawi muno, ndipo kuchokera pa Likhubula pamafunika masiku atatu kupita ndi kubwera, kugona ku hati (kanyumba kogonamo okwera phiri) ya Chisepo. Chigawo chomaliza si kuyenda ayi, ndi kukwawa pa matanthwe, kulowa kunsi kwa miyala chafufumimba, kutulukira kwina. Mtambo ukatsika suona ngakhale chikwama cha mnzako amene ali patsogolo. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anapita yekha ndipo sanabwerere. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya gaidi wake m'munsi, ndipo anakamupeza atafa patapita masabata. Onsewo anali achinyamata amphamvu. Dzinalo makolo sanangolitola pansi.

Ndipo kunena zoona, zokoma za ku Likhubula zambiri zili m'munsi momwemo, m'mbali mwa mtsinje. Anthu amathamangira nsonga n'kusiya chigwa osachiona.

Mayendedwe ndi osavuta. Kwerani minibasi ku Limbe m'mamawa, funsani yodzera msewu wa Midima chifukwa ya ku Thyolo imazungulira. Tsikirani pa Chitakale, musapitirire mpaka pa boma. Apo pali msewu wopita ku Phalombe, ndipo Likhubula ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Anyamata a kabaza adzakuzungulirani musanatsitse n'komwe chikwama. Gwirizanani mtengo musanakwere. Kwa apongozi ndingakonde mudikire galimoto ya ku Phalombe. Chakudya chonse mugule pa Chitakale pomwepo: ufa, buledi, shuga, masamba a tiyi, mtedza, usipa, machesi. Kumtunda kulibe golosale.

Mukafika pa geti ya za nkhalango mumalipira ndi kulembetsa maina. Magaidi ndi mapota (onyamula katundu wa alendo) ali ndi bungwe lawo ndipo amayenda motsatana, aliyense nthawi yake. Mtengo funsani pa ofesi pomwepo, umasintha ndi kwacha. Musatenge munthu amene wakutsatirani kuchokera pamsewu n'kumati "ine ndikuchitirani motchipa". Mwafunsa ngati ndi kudyerana ndalama. Njira ya ku dziwe mwina mukhoza kuipeza nokha, koma tinjira ta otola nkhuni ndi tambirimbiri ndipo timafanana. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, malo ena anagumuka, miyala inasuntha, ndipo amene anapitako kale akhoza kusokonezeka. Mukayang'ana m'mwamba muona zipsera zoyera pamene napolo anadutsa.

Tsiku loyamba pitani nonse ku Dziwe la Nkhalamba. Ndi ola limodzi kuchokera pa geti, ndi apongozi tinene ola ndi theka. Njira imakwera pang'onopang'ono, kumanzere kwanu kuli thanthwe la Chambe, khoma la mwala limene ukaliyang'ana chipewa chimagwa. Mudzakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, opanda nsapato. Apatukireni, ndipo musawajambule osapempha. Mtsinje mumaumva musanauone. Kenako mutulukira pa matanthwe osalala, madzi akugwa kuchokera pamwamba kulowa m'dziwe lobiriwira, loyera mpaka kuona timiyala ta m'mphepete.

Tsono apa mundimvetsere. Madzi amenewo ndi ozizira ngati a mufiriji, makamaka July, ndipo pakati ndi pakuya kwambiri. Munthu amalumphira akutuluka thukuta, miyendo n'kuuma nthawi yomweyo. Pamalo amenewo pafera anthu, ambiri achinyamata obwera pagulu. Ine ndi manja angawa ndinakokapo mnyamata wina wa sukulu amene anati amasambira ku nyanja ya kwawo. Anasanza madzi, milomo itachita bii, anzake akumujambulabe pa foni. Ana anu aseweretse mapazi m'mphepete, m'munsi mwa dziwe muli timathawale tosaya. Mwala uliwonse wakuda wonyowa uli ndi ndere, musaupondere. Chinanso, mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri inu muli padzuwa, mtsinje n'kudzaza mwadzidzidzi. Mu July sizichitika kawirikawiri, koma mukaona madzi ayamba kuda kapena kubweretsa masamba ndi timitengo, chokanipo.

Tsiku lachiwiri, amayi ndi apongozi ndi kamtsikanako mupume m'munsi. Bambo ndi mnyamata adzuke 5 koloko akwere njira ya Skyline mpaka ku Chambe. Dzina la Skyline linachokera pa chingwe cha waya chimene kale ankatsitsira matabwa a paini kuchokera pamwamba. Ndi maola atatu kapena anayi, yoimirira, masitepe a miyala osatha. Pobwera atsike ya Chapaluka, imene imatsata mtsinje ndipo idzawafikitsa pa dziwe lomwe lija. Akakwanitsa zimenezo osalira, chaka chamawa tidzakambirane za Sapitwa. Muwauzenso bambowo kuti pa mpikisano wa mapota umene umachitika July, anyamata amathamanga kukwera Skyline, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikira pa Likhubula maola atatu asanakwane. Ena ndi nsapato zapulasitiki.

Za mizimu, apongozi akunena zimene tonse tinakula nazo. Akuluakulu amati ukapeza nthochi zakupsa kapena chakudya chokonzedwa m'phirimo, idya wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatengeko kunyumba. Pa dziwe paja makolo ankathira nsembe, ndipo amati pankaoneka nkhalamba, n'chifukwa chake dzinalo. Ine zaka 11 sindinapezepo nthochi, mwina mizimu inkaona kuti ndanyamula kale katundu wokwanira. Koma sindinatukwanepo m'phirimo, ndipo mlendo akayamba kukuwa ndinkamuletsa. Pamene a UNESCO analemba phirili pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2025, nkhani zomwezi za Alomwe, Amang'anja ndi Ayao ndi zimene zinalemera.

Nachisale wa ku Zomba

Achimwene a Kalongonda anena zambiri zoona, koma pa tsiku lachiwiri ndikutsutsana nawo. Bwanji amayi atsale m'munsi? Mayi a Tadala ndi amene abweretsa ganizo, ndiye akhale pansi kusenda nanazi abambo akuona zokoma?

Ife tinapita June chaka chatha, amayi asanu ndi awiri a kwaya. Wamkulu mwa ife anali ndi zaka 61, ndipo ndi amene anayamba kufika. Tinakwera ya Chapaluka, kuima pa dziwe, kudya, n'kupitirira mpaka kukagona ku hati ya Chambe. Tinatenga maola asanu ndi limodzi chifukwa tinkaima paliponse, komanso tinkayesa kuimba pokwera mpaka mpweya unatithera. M'mawa mwake tinatsika. Ndi masiku awiri omwewo.

Ndikuuzeni zolakwa zanga kuti musazibwereze. Ndinavala jinzi ndi nsapato zoterera zogula pa kaunjika dzulo lake. Titatsala pang'ono kufika, chiperoni chinabwera. Amene simunachione, si mvula yeniyeni ayi, ndi nkhungu yonyowa yokhala ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Jinzi inanyowa n'kulemera ngati thumba la simenti, ndipo sinaume mpaka ku Zomba. Ndinanyamula chitenje chimodzi poganiza kuti bulangete ndi katundu. Usiku umenewo sindinagone. Mlonda wa pa hatipo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anatisonkhera moto pa chitofu cha m'nyumbamo, anatitungira madzi, ndipo ataona ndikunjenjemera anandipatsa jekete yake yonunkha utsi. Mchere tinaiwalanso, tinadya usipa wopanda mchere. Tinamusiyira shuga yense wotsala ndi kangachepe.

Koma m'mawa! Ndinatuluka cha m'ma 5 ndi kapu ya tiyi. Udzu unali woyera ndi chisanu, nkhungu yonse itatsikira m'munsi ngati thonje loyalidwa pa mphasa, ndipo dzuwa linagunda nsonga ya Chambe n'kuifiiritsa, ife tikadali mumdima. Amayi ena anayamba kulira, sindikunama. Mwana wa zaka 9 akaona zimenezo sadzaiwala.

Tengani pota mmodzi kapena awiri anyamule zolemera, aliyense akhale ndi juzi, chipewa ndi masokosi owonjezera mu jumbo yomanga bwino. Dulani zikhadabo za kumapazi musananyamuke. Kutsika ndi kumene kumapweteka, zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato, ine chikhadabo chinachoka patapita sabata. Apongozi muwagulire ndodo pa geti, amagulitsa zosema.

Mwana wa pa esiteti

Nonse mukukamba Likhubula ngati Mulanje ndi yomweyo. Ine ndinakulira mbali ya Lujeri, bambo anga ankathyola tiyi. Chigwa cha Ruo ndiye chobiriwira chaka chonse chifukwa mvula yambiri imagwa mbali imeneyo. Minda ya tiyi yosalala ngati yometedwa, kumbuyo kwake phiri, mathithi akuoneka patali ngati ulusi woyera. Mtsinje womwewo ukatsika umakhala malire athu ndi Mozambique mpaka kukathira mu Shire ku Chiromo. Kungoti kopanda galimoto n'kovuta kufikako, ndiye ulendo uno pitani ku Likhubula konko.

Pempho langa ndi limodzi. Akakutsatsani timabokosi ta mkungudza, kanani, ngakhale fungo lake likukoka. Mtengo umenewo ndi wa fuko lathu kuyambira 1984, mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali, ndipo macheka ndi moto zautha. Agogo anga ankanena za mitengo yoti anthu atatu sangaikumbatire. Pano pamwamba mupeza zitsa, ndi timbande timene akubzala a Mulanje Mountain Conservation Trust. Muuzeni gaidi akuonetseni, mnyamatayo akanunkhize tsamba.

Mayi a Tadala, Ndirande

Zikomo nonse, mwandithandiza kwambiri. Ndawerengera apongozi zonse. Za nthochi aseka n'kunena kuti "ndimakuuzani". Atamva za mayi wa zaka 61 uja, ati iwo sakhala m'munsi, akagona ku Chambe. Mnyamata wakwiya pang'ono za Sapitwa koma nkhani ya wa ku Brazil yamukhazika chete. Bambowo ndawatumizira za mpikisano wa mapota, awerenga, sanayankhe.

A Kalongonda, mukuona bwanji maganizo a Nachisale? Tingathe tonse? Ndipo foni imagwira kumtundako?

Kalongonda77

Achemwali a ku Zomba andigonjetsa, ndavomera. Mungathe, koma pa mfundo ziwiri. Muzikhala mutanyamuka pa geti 8 koloko isanakwane, chifukwa July dzuwa limalowa msanga ndipo Chapaluka mumdima si njira. Kuchokera ku Ndirande simungafike nthawi imeneyo, choncho bwerani dzulo lake madzulo mugone pa Likhubula, pali malo ogona a CCAP ndi ena. Chachiwiri, mukafika pa dziwe gaidi awayang'ane onse. Akanena kuti uyu sapitirira, musakangane naye. Ine amene ndikumukayikira si apongozi.

Foni imagwira malo ena okwera, m'zigwa imatayika, ndipo pa hati palibe potchajira. Tengani tochi yeniyeni. Potsika, ndi apongozi bwererani ya Chapaluka yomweyo, Skyline imadya mawondo, funsani langali. Madzi a m'mitsinje ya pamwamba timamwa, ndi omwewo amene mapaipi amatengera ku Blantyre, koma a kamtsikanako muwiritse.

Pobwerera mukafika pa Chitakale nanazi musagule woyamba kukutsatsani. Kokani katsamba ka pakati, kakazuka mosavuta ndiye wapsa.