Kodi anthu a mu jury amaumva bwanji umboni wa akatswiri a mfuti?

Wophunzira Malamulo

Ndikupempha amene mumatsatira milandu ya ku America kuti mundithandize kumvetsa chigamulo chimene khothi lalikulu la chigawo cha Maryland linapereka mu June 2023 pa mlandu wa Abruquah. Pa mlanduwo, womwe unali wa kupha munthu, katswiri wa mfuti anauza khothi kuti zipolopolo zimene apolisi anapeza zinatuluka mu mfuti ya woimbidwa mlandu. Majaji 4 mwa 7 anati katswiriyo sankayenera kulankhula motsimikiza chomwecho, ndipo analamula kuti mlandu uzengedwenso. Malinga ndi iwo, katswiri angathe kunena kuti zizindikiro za pa chipolopolo zikugwirizana ndi zimene mfuti inayake imasiya, koma sangapitirire n'kunena kuti mfuti imeneyo ndiyo inaombera.

Kwa jaji ndi kwa loya kusiyana kwa ziganizo ziwirizi n'kwakukulu. Koma amene amagamula ngati munthu ndi wolakwa si jaji ayi, ndi jury, anthu wamba 12 osankhidwa m'dera, ena madalaivala, ena anamwino, ena ogulitsa m'sitolo, amene ambiri mwa iwo sanaonepo chipolopolo pa maikulosikopu. Kodi anthu oterewa amasiyanitsadi mawu otsimikiza ndi mawu osamala, kapena makhothi akungosintha kalankhulidwe pamene zofika m'makutu mwa jury ndi zomwe zija?

Mphunzitsi Wopuma

Funso lanu linayesedwapo, ndipo yankho lake silosangalatsa kwa majaji. Koma ndiyambe ndi zimene katswiri amachita, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo.

Mkati mwa mpope wa mfuti muli timizere tozungulira timene timachititsa chipolopolo kupota pamene chikutuluka, ndipo timizereti timakanda chipolopolocho. Chigoba chimene chimatsala nachonso chimadindidwa ndi kachitsulo kamene kamachimenya kumbuyo. Katswiri amaombera mfuti yoganiziridwayo mu thanki ya madzi, n'kutenga chipolopolo chake, n'kuchiika pa maikulosikopu yoonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi pambali pa chimene chinapezeka pamalo a mlandu. Njira imeneyi inatchuka m'zaka za m'ma 1920 kudzera mwa Calvin Goddard, amene anaunika zipolopolo za chiwembu cha ku Chicago cha mu 1929. Zizindikiro zina, monga kuchuluka kwa timizere ndi mbali imene tikupotera, zimapezeka pa mfuti zonse za mtundu umodzi, ndipo pa zimenezi palibe amene amatsutsa. Vuto lili pa tizikanda tating'onoting'ono timene akatswiri amati ndi ta mfuti imodzi yokha. Bungwe lawo la AFTE linalemba mu 1992 kuti katswiri anganene kuti zipolopolo ziwiri zinatuluka mu mfuti imodzi ngati akuona kugwirizana kokwanira, koma silinanene kuti tizikanda tingati ndiye tokwanira. Muyeso wake ndi diso ndi luso la katswiriyo. Lipoti la mu 2009 la bungwe la asayansi la ku America la National Academy of Sciences linadzudzula zimenezi poyera.

Majaji ena anali atayamba kale kuchepetsa mphamvu ya mawu a akatswiri. Mu 2005 jaji Nancy Gertner wa ku Boston analola katswiri kufotokoza zimene akuona koma osanena kuti palibe mfuti ina padziko imene ikanasiya zizindikirozo. Mu 2008 jaji Jed Rakoff wa ku New York analola katswiri kungonena kuti n'zotheka kwambiri kuti ndi mfuti imeneyo kuposa kuti si imeneyo. Onsewa ankakhulupirira kuti jury imva kusiyanako.

Mu 2020 Brandon Garrett, Nicholas Scurich ndi William Crozier anafalitsa kafukufuku amene anachita pa anthu oposa 1,000 oyenerera kukhala mu jury. Onse anamva mlandu umodzi wongoyerekeza, koma mawu omaliza a katswiri ankasinthidwa: ena anamva katswiri wotsimikiza kotheratu, ena anamva mawu osamala ngati amene majaji analamula. Chiwerengero cha amene anati munthuyo ndi wolakwa sichinasinthe kwenikweni. Mawu amene anachitsitsa ndi akuti katswiri sangathe kuichotsa mfutiyo pa gulu la mfuti zimene mwina zinaombera. Anayesanso kuona ngati mafunso opanikiza a loya wa woimbidwa mlandu angasinthe zinthu, ndipo sanasinthe zambiri. Mmene ine ndikuonera, munthu wamba akangomva katswiri akulumikiza mfuti ndi chipolopolo amatenga mfundo yaikuluyo, ndipo mawu ochenjeza amene aikidwa m'mbali amawaona ngati ulemu wa anthu ophunzira basi.

Wa mu Labotale

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene a Mphunzitsi afotokoza, koma ndikuopa kuti wowerenga angachoke pano akuganiza kuti ntchito ya akatswiri a mfuti ndi kuombeza ula. Jury ikakhulupirira umboni wolondola sinalakwe kanthu, choncho tiyenera kufunsa kuti akatswiriwa amaphonya kangati.

Mu 2014 labotale ya Ames ku Iowa inayesa akatswiri 218 pogwiritsa ntchito zigoba zochokera mu mfuti 25 za mtundu wa Ruger SR9. Pa mayeso pafupifupi 2,180 amene zigoba zinali za mfuti zosiyana, akatswiri ananena molakwa kuti ndi za mfuti imodzi ka 22 kokha, komwe ndi pafupifupi 1 pa 100. Chochititsa chidwi n'chakuti zolakwa 20 mwa 22 zimenezo zinachokera kwa akatswiri 5 okha. Alangizi a pulezidenti wa America pa zasayansi, mu lipoti lawo la mu 2016, anawerengera mosiyana n'kupeza kulakwa kumodzi pa 66, ndipo chidandaulo chawo chachikulu chinali chakuti kafukufuku mmodzi wokonzedwa bwino sakwanira kutsimikizira njira yonse. Sananene kuti njirayo ndi yabodza.

Pamene ndikuvomereza kuti otsutsa ali ndi mfundo ndi pa yankho lakuti katswiri walephera kugamula. Pa mayeso amenewa katswiri amaloledwa kunena kuti sakutha kutsimikiza, ndipo yankho lotere siliwerengedwa ngati kulakwa ngakhale zigobazo zikhale za mfuti zosiyana. Amene amayankha choncho pa mafunso onse ovuta amaoneka ngati salakwa. M'khothi namonso yankho limeneli silithandiza woimbidwa mlandu monga mmene lingamuthandizire yankho lakuti mfuti yake siinaombere, chifukwa woimira boma angauze jury kuti chipolopolo chinangophwanyika kwambiri.

Komabe musaiwale kuti jury imabwera m'khothi ikuyembekezera umboni wa mtundu umenewu. Jaji Donald Shelton wa ku Michigan anafunsa anthu oposa 1,000 oitanidwa ku jury mu 2006, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ankayembekezera kumva umboni wa mfuti ndi zipolopolo pa mlandu uliwonse waupandu. Mukamutseka pakamwa katswiri, anthu amenewa sasiya kuganiza, amangodzaza okha mpata umene watsalawo.

Loya wa Oimbidwa Milandu

A mu Labotale, ziwerengero mwaperekazo ndi za mayeso amene akatswiri ankadziwa kuti akuyesedwa. Mu 2008 labotale ya apolisi ya ku Detroit inatsekedwa apolisi a chigawo cha Michigan ataunikanso milandu 200 ya mfuti n'kupeza zolakwa pa milandu 10 mwa 100 iliyonse. Imeneyo inali milandu yeniyeni ya anthu enieni.

Koma ine ndikufuna kutsindika china chimene kafukufuku wa milandu yongoyerekeza sangachionetse bwino, chomwe ndi chakuti jury siiweruza njira, imaweruza munthu amene waima kutsogolo kwake. Mlandu wa Anthony Ray Hinton ku Alabama ndiwo umaonetsa zimenezi momveka. Mu 1985 mamanijala awiri a malo odyera anaphedwa ku Birmingham pa nthawi zosiyana. Panalibe mboni yoona ndi maso pa imfa ziwirizo, ndipo panalibe zidindo za zala zomulumikiza. Chimene boma linatsamirapo ndi akatswiri ake amene anati zipolopolo 6 zinatuluka mu mfuti imene apolisi anatenga m'nyumba ya mayi ake a Hinton. Loya wake ankaganiza molakwa kuti lamulo silimulola kulandira ndalama zoposa madola 1,000 zolipira katswiri, motero anatenga yekhayo amene anavomera ndalama imeneyo, bambo wachikulire amene anaphunzira uinjiniya wa zomangamanga ndipo ankaona ndi diso limodzi. Bamboyu anauza khothi kuti zipolopolozo sizingalumikizidwe ndi mfutiyo. Woimira boma sanavutike kutsutsa sayansi yake: anangomuchititsa kuvomera pamaso pa jury kuti anavutika kugwiritsa ntchito maikulosikopu ya mu labotale ya boma mpaka anapempha thandizo, ndiponso kuti ali ndi diso limodzi. Hinton anagamulidwa kuti aphedwe.

Mu 2002 akatswiri atatu odziwika, mmodzi wa iwo atatsogolerapo nthambi yoona za mfuti ku FBI, bungwe la boma la America lofufuza milandu, anachitira umboni kuti zipolopolozo sizingalumikizidwe ndi mfutiyo, zomwe ndi zimene bambo uja ananena poyamba. Khothi lalikulu la dziko lonse la America linagamula mu 2014 kuti loya wake sanamuimire moyenera, ndipo akatswiri a boma ataunikanso zipolopolozo nawonso analephera kuzilumikiza ndi mfutiyo. Hinton anatuluka mu April 2015 atakhala m'ndende pafupifupi zaka 30. Amene ananena zoona pa mlandu woyamba ndi amene jury inamukana, chifukwa sankaoneka ngati katswiri.

N'chifukwa chake ine sindikhutira ndi maganizo akuti loya wabwino adzakonza zonse pofunsa mafunso. Katswiri wa boma wachitirapo umboni m'makhothi kambirimbiri, amadziwa kuyang'ana jury m'maso, ndipo akafunsidwa ngati analakwitsapo amayankha modekha kuti ntchito yake imaonedwanso ndi katswiri mnzake. Sawonjezera kuti m'malabotale ambiri mnzakeyo amakhala akudziwa kale yankho la woyambayo.

Wophunzira Malamulo

Zikomo nonse. Ngati kufewetsa mawu sikuthandiza ndipo mafunso a loya sakwanira, kodi chatsala n'chiyani? Kodi sikungakhale bwino kungouza jury ziwerengero zimene a mu Labotale atchula, kuti iwo aone okha kulemera kwa umboniwo?

Mphunzitsi Wopuma

Pali njira ziwiri zimene zikuyesedwa, ndipo sizitsutsana. Yoyamba ndi yoti jaji aike malire umboni usanafike kwa jury. Mu 2019 jaji Todd Edelman wa ku Washington, pa mlandu wa Tibbs, analola katswiri kungonena kuti mfutiyo siingachotsedwe pa gulu la zoganiziridwa, omwe ndi mawu aja amene kafukufuku wa 2020 anapeza kuti amamvekadi mosiyana. Unduna wa zachilungamo wa America nawonso umaletsa akatswiri ake kunena kuti ndi otsimikiza 100 pa 100 kapena kuti njira yawo siilakwa, ngakhale umawalolabe kunena kuti chipolopolo chinatuluka mu mfuti yakuti. Mawu a ku Maryland akuti zizindikiro zikugwirizana ali pakati pa ziwirizi, ndipo ine ndikukayika ngati munthu wamba angawamve mosiyana ndi akuti mfuti ndi yomweyo. Makhothi ambiri a ku America akulolabe umboniwu monga kale.

Yachiwiri ndi imene mwatchulayo, koma chiwerengero chothandiza jury si cha akatswiri onse pamodzi. A mu Labotale atiuza kuti anthu 5 ndiwo anapanga pafupifupi zolakwa zonse pa mayeso a Ames, ndiye chimene jury ikufunika kudziwa ndi chakuti katswiri amene waima m'khothimo ali m'gulu liti. Pa umboni wa zidindo za zala, Gregory Mitchell ndi Brandon Garrett anapeza mu 2019 kuti anthu akauzidwa mmene katswiri anakhozera pa mayeso a luso lake, amachepetsa kapena kuwonjezera kulemera kwa umboni wake molingana ndi zimenezo. Choncho jury imatha kugwiritsa ntchito uthenga wotere ikaupatsidwa. Chofunika n'chakuti mayesowo akhale ovuta ngati milandu yeniyeni ndipo katswiri asadziwe kuti akuyesedwa. Labotale ya Houston Forensic Science Center ku Texas inayamba kuchita zimenezi mu 2015: imalowetsa mfuti ndi zigoba za mayeso pakati pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, zitapakidwa ngati umboni wochokera kupolisi, ndipo oyang'anira okha ndi amene amadziwa yankho lolondola. Malabotale ochita zimenezi akadali ochepa, motero loya amene akufuna kufunsa katswiri za mayeso otere nthawi zambiri amapeza kuti katswiriyo sanayesedwepo mwa njira imeneyi.