Makina ojambulira mapulogalamu a pa TV ayamba kulavula zimbale: ndingapulumutse bwanji zimene zili m'kati?

Wofunsa, Mabvuku:

Ndikupereka moni kwa amayi ndi abambo nonse a pa gulu lino, makamaka inu amene munagwiritsapo ntchito makina ojambulira mapulogalamu a pa wailesi ya kanema, aja okhala ndi hard disk m'kati komanso kabati ka zimbale za DVD kutsogolo. Vuto limene ndabwera nalo ndi la bambo anga, koma landisowetsa tulo ine.

Bambo anagula makinawa ku Johannesburg m'chaka cha 2009, ndipo kuyambira nthawi imeneyo akhala pansi pa TV pabalaza pathu, olumikizidwa ku dikoda ndi zingwe zitatu zija, chachikasu, chofiira ndi choyera. Hard disk yake ndi ya 160 GB, yomwe imatenga maola pafupifupi 70 ngati munthu akujambula pa SP (mlingo wapakati wa kuyera kwa chithunzi), ndipo panopa yatsala pang'ono kudzaza. Bambo ali ndi kope la ana a sukulu momwe analemba tsiku ndi mutu wa pulogalamu iliyonse imene anajambula, ndipo kopelo amalisunga m'pulasitiki pamodzi ndi rimoti.

M'makinamo muli masewero a pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, pamene Flames ya Kinnah Phiri inagonjetsa Algeria 3-0. Mulinso aja a pa 14 Januwale 2022 ku Bafoussam, pamene Zimbabwe inayamba kugoletsa koma Gabadinho Mhango anabweza zigoli ziwiri, masewero n'kutha 2-1. Tsiku limenelo anansi athu anadzaza pabalaza, ndipo bambo, amene akhala mu Harare zaka zoposa 40, anaimirira n'kuvina pamaso pa onse. Komabe chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si mpira ayi. M'chaka cha 2014 amayi a Chigwirizano a mpingo wathu wa CCAP anaonetsedwa pa TV akuimba Lamulungu m'mawa, ndipo mayi anga anali pa mzere wakutsogolo, atavala yunifomu yawo, akutsogolera nyimbo. Mayi anatisiya mu 2019. Mphindi 12 zimenezo ndi malo okhawo amene timawamvera mawu awo, ndipo zili pa hard disk yokha, sizinakoperedwe pa chimbale chilichonse.

Zimene makinawa akuchita ndi izi. Tikayatsa, amatenga mphindi zisanu kapena kuposerapo asanaonetse chithunzi, pamene kale ankadzuka nthawi yomweyo. Tikaika chimbale chatsopano kuti tikoperepo, kabati kamatseka bwinobwino, kenako m'kati mumamveka phokoso lokhulukuta ngati chinthu chikuterereka, ndipo pakapita kanthawi chimbale chija chimalavulidwa. Ndayesa zimbale za DVD-R zogula m'masitolo awiri osiyana m'tauni, zonse zakanidwa. Zimene zili pa hard disk zikuonekabe, ngakhale kuti sabata yatha chithunzi chinaima kawiri pakati pa pulogalamu. Kuonjezera apo, tili ndi zimbale 14 zimene bambo anakopera kale, zomwe zinkaoneka pa makina awa okha, koma pa DVD ya mlongo wanga ku Tafara zimakana. Ndivomereze kuti magetsi akhala akuthima makinawa ali pakati pa ntchito kosawerengeka, chifukwa sitinawalumikize ku inivata, chipangizo chopereka mphamvu ya batire magetsi akathima.

Mnyamata wina wandiuza kuti ndichotse hard disk ndi kuiika pa kompyuta, wina akuti ndifomate makinawo kuti ayambirenso mwatsopano. Ine sindinakhudze kanthu. Ndikupempha amene anadutsamo kale m'vuto lotere andiuze choyamba kuchita, ndiponso ngati makina a zaka zimenezi akonzekabe kuno ku Harare.

Wokonza mawailesi ndi ma TV, Mbare:

Achimwene, pepani ndi imfa ya mayi, ndipo mwachita bwino kufunsa musanatsegule chilichonse. Mawu oti mufomate muwataye kutali, chifukwa kufomata kumafufuta zonse zimene zili pa hard disk, ndipo nyimbo ya mayi ingapite pomwepo. Kuyambira lero musajambulenso pulogalamu ina iliyonse, musafufute kanthu, ndipo makinawo muziwayatsa pokhapokha mukufuna kukopera.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuona matenda atatu osiyana. Kuchedwa kudzuka kawirikawiri kumachokera ku makapasita a pa bolodi ya magetsi, amene amauma ndi kutupa pamwamba akakalamba, ndipo kuthimathima kwa magetsi kumawafulumizitsa kufa. Amenewa ndi otchipa ndipo amapezeka, koma musawasinthe nokha, popeza kapasita wamkulu wa mbali yolowera magetsi amasunga mphamvu ngakhale mutazula pulagi, ndipo akhoza kukuvulazani.

Phokoso lokhulukuta lija nthawi zambiri si laser (kadiso kowerenga ndi kulemba chimbale) monga ambiri amaganizira. Pamene chimbale chimakhala pali kagudumu kokhala ndi mphira wozungulira, ndipo mphirawo ukadzaza fumbi ndi mafuta a zala, chimbale chimaterereka m'malo mozungulira bwino, makina n'kuchiyesa choipa. Timapukuta mphirawo ndi kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi isopropyl (sipiriti yopukutira zipangizo za magetsi), ndipo makina ambiri amene ndagwirapo amayambanso kulemba atangotero. Zikakanika pamenepo ndiye timakayikira laser, ndipo imeneyo ndi nkhani yovuta chifukwa zipangizo zatsopano za makina otere zinasiya kupangidwa, timachita kuchotsa pa makina ena akufa.

Chimene chandiopsa ndi kuima kwa chithunzi, chifukwa chingakhale chizindikiro chakuti hard disk yayamba kutopa, ngakhale kuti magetsi osakwanira ochokera ku makapasita omwewo amathanso kuchititsa zimenezi. Za zimbale 14 zija, ndikukhulupirira kuti bambo sanazitseke. Chimbale cha DVD-R chikajambulidwa chimafunika kuchitseka posankha mawu akuti "Finalize" pa menyu, apo ayi makina ena sachiwerenga, ndipo ntchito imeneyi imachitika pa makina omwe anachilemba kapena a mtundu womwewo.

Mayi wa ku Mufakose:

Mwana wanga, ndikulemba kuti usalakwe monga ndinalakwira ine. Ifenso tinali ndi makina ngati amenewo, ndipo atasiya kuyaka ndinanyamula hard disk yake m'chikwama kupita nayo kwa anyamata okonza makompyuta. Atailumikiza, kompyuta sinaonetse fayilo ngakhale imodzi, m'malo mwake inafunsa ngati ikonze disikiyo kuti igwire ntchito, ndipo mnyamatayo anavomera ine ndikuyang'ana, osadziwa kuti akufufuta. Pambuyo pake ndinamva kuti makina ojambulirawa amasanja zinthu m'njira yawoyawo imene kompyuta wamba siizindikira, choncho imaiona disikiyo ngati yopanda kanthu. Munali mapulogalamu a nyimbo za uzimu amene malemu amuna anga anasonkhanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Sindimuimba mlandu mnyamatayo, chifukwa nanenso sindinamuuze kuti disikiyo yachokera kuti. Ngati tsiku lina pangafunike kuichotsa, upite kwa munthu wodziwa kupulumutsa zinthu pa disiki, amene amayamba wakopera disiki yonse pa ina asanayese china chilichonse, ndipo iwe ukhale pomwepo.

Wophunzira za makompyuta, Chitungwiza:

Amalume, ndikulemekeza zimene bambo a ku Mbare anena, koma ine ndikuona kuti makinawo asachoke panyumba nyimbo ya agogo isanakoperedwe, popeza ulendo wa pa kombi ndi kugwedezeka kwake si wabwino kwa hard disk yotopa. Usiku uno womwe, magetsi akakhalapo, ikani foni pa mpando moyang'anizana ndi TV, muzimitse nyale, anthu akhale chete, ndipo mujambule mphindi 12 zimenezo. Chithunzi sichidzakhala chokongola, koma mudzakhala ndi chogwira m'manja.

Mukatero, pezani kachipangizo kotchedwa USB video capture, kamene mbali imodzi kamalowa pa laputopu ndipo mbali inayo kali ndi mabowo a chikasu, chofiira ndi choyera. Zingwe zichoke pa mabowo olembedwa OUT kumbuyo kwa makinawo, osati IN kumene kwalumikizidwa dikoda. Ngati makinawo ndi kachipangizoko zonse zili ndi bowo la S-Video, gwiritsani ntchito limenelo m'malo mwa chingwe chachikasu, chifukwa limasiyanitsa kuwala ndi mitundu ndipo chithunzi chimayera bwinoko. HDMI musavutike nayo, popeza kawirikawiri imakhala ndi loko woletsa kukopera. Pa laputopu ikani OBS Studio, yomwe ndi yaulere, ndipo musankhe PAL, kukula kwa 720 x 576 ndi zithunzi 25 pa sekondi, chifukwa ndi mmene TV ya kuno ndi ya ku Malawi imayendera.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti pulogalamu ya ola limodzi imatenganso ola limodzi kuti ikoperedwe, motero hard disk yonse ingakutengereni milungu ingapo. Kope la agogo lija likuthandizani kusankha zoyamba. Za zimbale zosatsekedwa, pali pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa IsoBuster imene imatha kuwerenga zambiri mwa zimbale zotere, choncho musazitaye ngakhale makina atakanika kukonzeka.

Mkulu wa mpingo, Highfield:

Mwana wanga, mayi ako ndimawakumbukira pa misonkhano ya Chigwirizano, ndipo ndingakondwe kumvanso mawu awo. Ine ndili ndi makina otere kuyambira 2007 ndipo akugwirabe ntchito, mwina chifukwa chakuti ndinawaika pa inivata pamodzi ndi nyale, moti sanathimidwepo ali pakati pa kulemba. Magetsi akathima chimbale chikutsekedwa, chimbalecho chikhoza kuonongeka, choncho usayambe ntchito yotseka zimbale 14 zija popanda batire yodzaza. Ndikuchenjezenso kuti chimbale chimodzi cha 4.7 GB chimatenga ola limodzi pa XP (mlingo wa chithunzi choyera kwambiri), maola awiri pa SP ndi anayi pa LP (mlingo wotsika), ndipo ambiri amathamangira LP pofuna kusunga ndalama, koma mpira wojambulidwa pa LP umaoneka timabokosi osewera akathamanga. Mpirawo usaupeputse. Mwina zidutswa zake zili pa YouTube, koma bambo ako amafuna masewero onse monga anawaonera tsiku lija, ndipo pa msinkhu wawo zimenezo ndi zofunika.

Wofunsa, Mabvuku:

Zikomo kwambiri nonse, ndipo ndabwera kudzanena mmene zayendera m'masiku asanu ndi limodzi apitawa. Ndinayamba ndi foni monga anandilangizira mphwanga wa ku Chitungwiza, ndipo tsiku lachitatu ndinapeza kachipangizo kaja m'tauni. Poyamba chithunzi chinkabwera chopanda mitundu, mpaka ndinazindikira kuti pulogalamuyo inali pa NTSC, kayendedwe ka TV ya ku America, ndipo nditasintha kuika PAL mitundu inabwerera. Tinabwereka inivata kwa anansi. Nyimbo ya mayi tsopano ili pa laputopu, pa fulashi, ndiponso ndaitumiza kwa mlongo wanga ku Tafara ndi kwa azakhali ku Dedza, amene anandiimbira foni usiku womwewo akulephera kuyankhula. Bambo anakhala pambali panga nthawi yonseyo, kope lili pa miyendo, akuchonga chilichonse chimene takopera. Masewero awiri a Flames aja nawonso atheka, ngakhale kuti a 2010 chithunzi chinaima kamodzi m'chigawo chachiwiri ndipo tinabwereza.

Tatsala ndi maola oposa 50, ndipo makinawo dzulo anatenga mphindi pafupifupi khumi kuti adzuke. Bambo a ku Mbare, kodi ndipitirize kukopera mpaka zonse zithe, kapena ndibwere nawo tsopano kuti musinthe makapasita asanasiyiretu kuyaka?

Wokonza mawailesi ndi ma TV, Mbare:

Achimwene, popeza zofunika kwambiri mwazipulumutsa ndipo kudzuka kukunka kuchedwerachedwera, musadikire, chifukwa makapasita oipa amapereka magetsi osakhazikika ku hard disk ndipo angaiononge zotsalazo musanamalize. Muwazimitse bwinobwino, mudikire mphindi zingapo kuti disiki ileke kuzungulira, muwakulunge m'bulangete, ndipo pa kombi muwanyamule pa miyendo osati pansi. Mubwere Loweruka m'mawa pamodzi ndi rimoti, zimbale 14 zija ndi chimbale chimodzi chatsopano choyesera. Hard disk sindidzaikhudza, ndipo ntchito yonse ndidzaigwira inu mukuona. Ndilembereni ku inbox kuti ndikulongosolereni pamene ndimakhala.