Kodi munthu wosanduka mmbulu analowa liti m'nthano ya kamtsikana kovala zofiira?

Moni nonse okonda mafilimu oopsa muno.

Ndikukonza nkhani yoti ndikakambe ku gulu lathu loonera mafilimu, koma pali mfundo imodzi imene yandiimitsa mutu. Filimu ya The Company of Wolves ya mu 1984, imene anaitsogolera Neil Jordan potengera nkhani za Angela Carter, imaonetsa kamtsikana kakukumana m'nkhalango ndi mlenje wa nsidze zolumikizana pakati, ndipo mlenjeyo amakasanduka mmbulu m'nyumba ya agogo a mwanayo. Chimene ndikufufuza ndi gwero la ganizo lakuti mmbuluwo ndi munthu wosanduka.

Ndawerenga nthanoyi monga anailembera Charles Perrault mu 1697, mmene mwanayo amadyedwa popanda womupulumutsa, komanso ya abale a Grimm ya mu 1812, mmene mlenje amatumbula mimba ya chilombocho. Konseko mmbulu ndi nyama yolankhula basi, ngati fisi wa m'nthano zathu. Ndinaoneranso The Wolf Man ya mu 1941, koma ija ndi ya ndodo ya mutu wasiliva, kamtsikana kathu mulibemo. Pa intaneti ndinapezapo nthano ya pakamwa ya anthu akumudzi ku France, imene chilombocho chimatchedwa bzou, kutanthauza munthu wosanduka mmbulu, kungoti masamba ambiri amangokoperana mawu.

Kodi alipo amene angandiuze ngati nthano ya bzou inayamba kukambidwa Perrault asanalembe yake, ndiponso ngati Carter anatengerako kumeneko? Mukanditchulira buku lodalirika ndithokoza kwambiri.