ADE: apulezidenti a konselyu akukana kusaina acta, nditani?

Diretori wa kumalire:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Lachisanu ndikuyenera kukapereka justificativo (mapepala oonetsa mmene ndalama zagwirira ntchito) ya gawo loyamba la ADE, ndalama zimene boma la Mozambique limatumiza ku sukulu, koma apulezidenti a konselyu ya sukulu akukana kusaina acta, chikalata cha zimene msonkhano wagwirizana. Nkhani yake ili chonchi. Mwezi wathawu mphepo inasasula denga la chipinda cha 1ª ndi 2ª classe usiku, malata ena tinakawatola m'munda mwa chimanga atapindika ngati chikopa chouma. Ndalama zinali zitangofika kumene. Mvula ili mkati, ana ali pansi pa mkuyu, mabuku akunyowa. Sindinadikire. Ndinatenga adjunto (wachiwiri wanga) ndi mphunzitsi mmodzi, tinaoloka msewu, tinagula malata 8 ndi misomali makilo 3 tsidya linalo ku Malawi chifukwa ndi pafupi, pofika Lolemba denga lili pamwamba ana alowa. Tsopano mavuto ndi awiri. Kapepala kamene anandipatsa wa sitolo ndi ka makwacha, kolemba pamanja, kopanda NUIT (nambala ya msonkho ya wogulitsa). Chachiwiri, konselyu sindinaiitane, comissão de compras (gulu loona zogula) sinakhale pansi. Apulezidenti anali kumaliro mudzi wina. Lero akuti "zimene maso anga sanaone dzanja langa silisaina." Ndapita kwawo kawiri. Dzulo anandilonjera bwinobwino, mpando anandipatsa, mayi a kunyumba anandiwotchera chimanga, koma cholembera sanachikhudze. Choko, makope, mapepala ndi zofufutira zonse zili bwino, tinagula ku Ulongwe ndi ma cotação atatu (mapepala a mitengo ya masitolo atatu), resibo zilipo. Malatawa ndiwalowetse bwanji? Acta ndiichite bwanji? Zoti ndinalakwitsa ndikuzidziwa kale, ndikufuna njira.

Achimwene a ku Zobwe:
Bambo, apa palibe chovuta. Munthuyo akufuna ya sopo. Itanani makolo Lachitatu, musankhe pulezidenti wina, asaine, Lachisanu mukapereke. Ife tinatero zinatha.

Chefe wa secretaria, Moatize:
Adiretori, ndisananene china chilichonse: musakagule resibo. Ndikudziwa wina akuuzani kumbali kuti pitani ku sitolo ina ya pa vila, mupereke kangachepe akulembereni malata 8 ndi chidindo chawo. Musayerekeze. Resibo zili ndi manambala otsatana ndi masiku. Mukabwera ndi ya nambala ya sabata ino itanyamula tsiku la mwezi watha, woyendera amene amaidziwa ntchito angoyang'ana kamodzi n'kukufunsani kuti sitoloyo ili pati. Pamenepo mlandu wasintha. Kugula opanda acta n'kulakwitsa ndondomeko, amakudzudzulani. Resibo yabodza ndi processo disciplinar, mlandu wa pantchito. Chimodzimodzi acta yobweza tsiku m'mbuyo, anthu khumi ndi angapo sangasunge bodza limodzi, pali mmodzi adzanena kuti tsiku limenelo anali kumsika.

Kapepala ka makwachako sindikuona kakudutsa. Ine ndikanakhala inu ndikanalemba exposição (kalata yofotokoza) lero lomwe, kunena zonse mmene zinachitikira, kuphatikapo zithunzi za denga lisanakonzedwe ngati munajambula, kapepalako, ndi mtengo wosinthira wa tsikulo. Ipite kudzera kwa coordenador wa ZIP (woyang'anira gulu la sukulu zoyandikana) Lachisanu lisanafike, osati mukaitulutse m'thumba akakufunsani. Koma konzekani mtima, atha kukuuzani kuti mubweze ndalamazo m'thumba mwanu.

Mayi coordenadora wa ZIP:
Achimwene a ku Zobwe, pulezidenti wa konselyu sachotsedwa ndi diretori. Amasankhidwa ndi mamembala, ndipo amachokera kwa makolo kapena anthu a m'mudzi dala kuti pakhale wina wosakhala wantchito wa boma woona ndalamazi. Mukamchotsa sabata yomweyo imene wakana kusaina, acta ya chisankhocho ndiyo idzakhale umboni wokumangani.

Adiretori, pemphani apulezidentiwo kuti iwo eni aitanitse msonkhano wadzidzidzi, ndi udindo wawo, osati wanu. Tsiku lilembedwe lenileni. Pamsonkhanopo mufotokoze, comissão de recepção (gulu lolandira katundu) ipite ikawerenge malata ali padengapo, mmodzi akwere ngati n'kotheka aone kuti ndi atsopano. Acta inene zoona: kuti kugula kunachitika konselyu isanakhale, chifukwa chake n'chakuti, konselyu yaona katunduyo ndipo yavomereza kapena yakana. Zimenezo munthu woona mtima atha kusaina chifukwa maso ake aona. Chenjerani kuti adjunto ndi mphunzitsi amene munapita nawo kogula asakhalenso m'gulu lolandira, wogula sadzilandirira yekha katundu. Onaninso buku la ADE la chaka chino pa gawo la kukonza zing'onozing'ono, musadalire za m'mutu za zaka zapitazo.

Funso limodzi: ndalama imene munalandira munaimata pa bolodi panja kuti aliyense aone?

Achimwene a ku Zobwe:
Mayi, za m'buku tonse timazidziwa. Ine ndikunena za pansi pano. Munthu wakana kusaina pamene denga akuliona ndi maso, ndiye akufuna chiyani? Achoke.

Diretori wa kumalire:
Ayi achimwene, bambo amenewa sanandipemphepo ngakhale metikali imodzi. Njerwa za chimbudzi cha atsikana anaumba ndi ana awo, nkhuni zowotchera anabwera nazo pa ngolo yawo. Chawapweteka n'chakuti za malatawo anamva kwa mdzukulu wawo wa 2ª classe. Anandiuza kuti kumalirowo foni inali m'thumba, bwanji sindinaimbe. Apo ndinalibe yankho. Mayi coordenadora, kumata sindinamate, chipwirikiti cha dengalo chinandiiwalitsa. Zithunzi ndili nazo ziwiri koma za usiku ndi tochi, zikuoneka pang'ono.

Mkulu wopuma, Furancungo:
Mwana wanga, ndakhala pa mpando umenewo kuyambira ADE isanabwere. Inayamba 2003. Isanafike, choko timachita kugawana ndodo imodzi pawiri, bolodi timapaka makala osakaniza ndi masamba a mbatata. Itafika tinasangalala, koma tinaona kuti yabwera ndi maso a anthu a m'mudzi, ndipo ambiri a ife sitinazolowere kufunsidwa ndi munthu wosapita kusukulu.

Chaka cha 2022 mu Januwale, nthawi ya namondwe Ana uja anagwetsa mlatho wa Revúbuè, mnzanga wina zinamuonekera ngati zanuzi. Zipinda ziwiri zinatsala zopanda denga sukulu ili pafupi kutsegulira. Iye anatuma mwana panjinga kukaitana amfumu ndi apulezidenti, anakhala pansi pa mtengo anthu asanu ndi mmodzi, acta analemba pa tsamba long'amba m'kope la masamu, awiri anadinda chala chifukwa sadziwa kulemba. Sizinathe ngakhale ola. Tsamba limenelo ndi limene linamuombola oyendera atabwera, ngakhale linali ndi dontho la mvula pakati. Sindikukudzudzulani, mwanena kale kuti mukudziwa. Ndikunena kuti achinyamata ali m'gulu muno amve.

Za apulezidenti anuwo, musapitenso nokha ulendo wachitatu. Pitani kwa amfumu poyamba, mukhale pansi, mupepese kuti munadumpha akulu. Amfumu ndi amene akuperekezeni. Kwathu kuno munthu wamkulu akakana kawiri pakhonde pake sangasinthe mawu popanda wina womutsegulira njira, angaoneke ngati wagulidwa.

Adjunto wa ku Domwe:
Zogula tsidya linalo tisamuweruze kwambiri mnzathuyu. Amene ali pafupi ndi Lizulu kapena Biriwiri akudziwa kuti msewu ndiwo malire, sitolo ili apo mukuiona, pamene kukafika ku Ulongwe nthawi ya mvula ndi njinga yamoto, ndipo malata pa njinga yamoto simunganyamule, mufuna galimoto. Mtengo wa transporte wokha umadya malata awiri. Koma inde, pepala la kumeneko silidutsa, ine ndinabwezapo ndalama ya maloko atatu.

Chimene chikundiwawa ine n'china. Ndalama ya ADE amawerengera ana a pa 3 de Março, tsiku la kalembera wa ana a sukulu. Kuchokera 2023 pamene 7ª classe inapita ku secundária malinga ndi lamulo la 18/2018, ife tinataya turma yathunthu, ndalama inatsika, koma zipinda zodontha ndi zomwezo. Ndiye mphepo ikabwera kamodzi, choko cha trimestre yonse chapita.

Chefe wa secretaria, Moatize:
Adjunto, poti mwatchula 3 de Março ndichenjezeretu, pasapezeke wofufumitsa manambala kuti abweze ndalama ya malata chaka chamawa. Mukawonjezera ana 40 pa mapepala a kalemberayo, mabuku aulere abwera a ana 40 amenewo, kumapeto kwa chaka pauta (mndandanda wa zotsatira za mayeso) ikufuna ana omwewo. Mudzawalemba onse kuti anasiya sukulu? Ndiye desistência yanu idzakwera mpaka adzabwera kudzafunsa chimene chikuthamangitsa ana.

Adjunto wa ku Domwe:
Kufufumitsa ayi. Koma ngakhale olembedwa moona, bwerani nthawi yokumba mbatatesi mudzaone. Livro de turma muli mayina 68, m'chipinda muli mitu 30. Ena ali kumunda, ena ku ng'ombe, anyamata ena alowa kudambwe, ena makolo awasamutsira sukulu ya tsidya linalo osatenga transferência. Akabwera sabata ya mayeso timawalandira, tiwabweze bwanji?

Mphunzitsi wa bilingue, Tsangano:
Apa ndi pamene ine ndimafuna konselyu itamagwira ntchito. Tonse timaikumbuka nthawi ya ADE yokha, ngati ntchito yake ndi chidindo. Muli comissão ya assuntos sociais imene iyenera kuyenda m'makomo kufunsa ana ojomba, muli ya assuntos pedagógicos imene iyenera kudziwa ngati aphunzitsi akubwera ndi ngati ana akuphunzira. Kwathu mayi wina wa m'konselyu amabwera Lachiwiri lililonse m'mawa, amakhala kumbuyo pa benchi ndi mwana kumsana. Chipwitikizi sadziwa, koma poti 1ª classe timaphunzitsa m'Chinyanja amamva zonse. Tsiku lina anaitana mwana wa 3ª classe, anamupatsa buku kuti awerenge mzere umodzi, mwanayo anangoyang'ana chithunzi n'kuyamba kupeka nkhani. Mayiwo anandifunsa kuti nanga uyu anakhoza bwanji chaka chatha. Ndinamva kutentha kumaso, koma funsolo linali loona.

Ma aproveitamento (manambala a ana okhoza) amene timatumiza kumapeto kwa trimestre amakhala okongola, 80 pa 100 kupita m'mwamba. Koma mayeso a dziko lonse amene INDE, bungwe la boma loona za maphunziro, inachita mu 2016 anapeza kuti ana a 3ª classe odziwa kuwerenga pa mlingo woyenera sanakwane 5 mwa 100 alionse. Manambala awiriwa sangakhale oona onse. Ndiye pulezidenti amene akuti sindisaina zimene sindinaone, ine ndikanakonda akanaonanso pauta.

Achimwene a ku Zobwe:
Mwayamba kupatsa anthu osadziwa plano de aula mphamvu yoyendera aphunzitsi. Mawa adzakuuzani kuti musinthe horário chifukwa kuli chinamwali. Ndanena kale, diretori ndi amene amayankha ku boma, osati pulezidenti. Gawo lachiwiri likapanda kubwera ovutika ndi ana. Achoke, asaine wina.

Mayi coordenadora wa ZIP:
Achimwene, kafukufuku wa Banki ya Dziko Lonse wa 2014 m'sukulu za pulaimale za dziko lino anapeza aphunzitsi 45 mwa 100 kulibe pasukulu tsiku limene ofufuza anafika mosayembekezeka, adiretori 44 mwa 100 chimodzimodzi. Amenewo ndife. Ine ndili ndi sukulu zingapo m'ZIP yanga, njinga yamoto ndi yanga, mafuta ndi anga, yakutali kwambiri ndimaifika kamodzi pa trimestre mitsinje ikaphwa. A SDEJT, a ku ofesi ya maphunziro ya distrito, nawo sangakhale paliponse tsiku lililonse. Amene amaona kuti livro de ponto (buku losainamo aphunzitsi akafika kuntchito) lasainidwa sabata yonse Lolemba m'mawa ndi anthu a m'mudzi omwewo. Mukawasandutsa osaina chilichonse, atsala ndani?

Adiretori, chinanso ndinaiwala. Pamsonkhanopo werengani resibo zonse mokweza m'Chinyanja, chimodzichimodzi, ngakhale za choko zimene palibe akukangana nazo. Oimira ana a sukulu akhalepo. Ndipo musalonjeze kuti a ku distrito avomera, zimenezo si zanu kulonjeza.

Mkulu wopuma, Furancungo:
Malata akale opindikawo musataye ndipo musapatse munthu, ngakhale mlonda. Ndi katundu wa boma. Aunjikeni mu ofesi, alembedwe mu acta kuti alipo angati. Ndinaonapo munthu akuvutika chifukwa cha malata anayi okutha amene anakafoleredwa khola la nkhumba.

Achimwene a ku Zobwe:
Chabwino, chitani misonkhano yanuyo. Lachisanu likafika acta ilibe siginecha mudzandikumbuka.

Adjunto wa ku Domwe:
Adiretori a kumalire, amfumu munawapeza? Exposição inapita?

Mphunzitsi wa bilingue, Tsangano:
Pepani kulowetsa zina. Alipo amene ali ndi mabuku a Chinyanja a 2ª classe otsala? Kwathu ana atatu akugwirizira buku limodzi, masamba a pakati anathothoka. Ndingathe kudzatenga Loweruka pa msika wa Ulongwe, ngakhale khumi okha.